Kabokosi ka pa lamba: mabatani a transmita ya mayiki yopanda waya ndi zimene amachita

Kabokosi kaja amakakoleka pa lamba wa munthu woyankhula, kokhala ndi kaeriyo kofewa pamwamba ndi kawaya kokwera mkati mwa malaya mpaka pa kolala, anthu ambiri amangodziwapo batani limodzi, loyatsira basi. Akadina kagetsi n'kuyaka ndiye kuti kwa iwo ntchito yatha, kenako mawu akayamba kusweka kapena kudukaduka pakati pa pulogalamu onse amathamangira ku mikisa, makina osakanizira mawu aja, kukapotokola zinthu zopanda mlandu, pomwe vuto lili m'chiuno mwa munthu waima kutsogoloyo. Ine ndakhala ndikugwira tizipangizo timeneti kwa nthawi ndithu, pojambula ma intavyu komanso pa misonkhano, ndipo ndaona kuti mabatani ake si ambiri ayi, chimene chimavutitsa anthu n'kusadziwa kuti batani ili likukhudza chani, ilo likukhudza chani.

Transmita imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Imalandira mawu kuchokera ku kamayiki n'kuwakweza kufika pa mlingo woyenera, kenako imawasenzetsa pa mafunde a wailesi n'kuwaponya m'malere kuti risiva iwawakhe. Pa sikirini za zipangizo zambiri mbali ya mawu amailemba AF, mbali ya mafunde amailemba RF, ndipo pafupifupi chilichonse chimene mungachipeze mu menyu chili ku mbali imodzi mwa ziwirizi. Matenda ake nawonso amasiyana. Mawu akamasweka pokhapokha munthu akakweza mawu kapena akaseka, olo ataima pafupi penipeni ndi risiva, imeneyo ndi nkhani ya AF. Akamaduka kapena kumveka kuti tsss munthu akapita patali, akatembenuka kapena akadutsa kuseri kwa chipilala, imeneyo ndi RF. Musanakhudze batani lililonse yambani mwadzifunsa kuti vutoli lili mbali iti, chifukwa kusintha tchanelo sikungachize mawu osweka ndipo kutsitsa gain sikungakupatseni mtunda.

Tiyambe ndi gain, chifukwa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Kamayiki ka pa kolala kamatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, kagawo kakang'ono chabe ka volt imodzi, ndiye mkati mwa transmita muli kochulukitsa mphamvuyo mawu asanakwere pa mafunde. Gain ndi imene imanena kuti achulukitsidwe kangati. Vuto n'lakuti njira ya wailesiyi ili ndi denga komanso ili ndi pansi. Mukakweza gain mopyola, mawu amagunda denga, nsonga zake zimadulidwa, ndipo chimene chimamveka ndi kusasa kokhala ngati sipika yong'ambika. Mukaitsitsa mopyola mawu amayenda ali ang'onoang'ono pafupi ndi kaphokoso ka shiii kamene kamakhalapo nthawi zonse pa njira ya wailesi, nde mukafuna kuwakweza ku mikisa kapena ku kamera kaphokosoko kamakwera nawo limodzi. Pa zolakwika ziwirizi yoopsa ndi yoyambayo, chifukwa kaphokoso ka shiii munthu atha kupirira nako kapena kukachepetsa pa kompyuta, koma mawu amene adulidwa nsonga mkati mwa transmita afika kale ku risiva ali owonongeka, palibenso batani kutsogolo kumene lingawabwezeretse.

Izi ndinaziphunzira movutika tsiku lina ndikujambula mayi ena achikulire amene ankafotokoza za moyo wawo. Poyesa mayiki ankayankhula motsitsa kwambiri, maso ali pansi, manja atawapinda pa miyendo, ine n'kukweza gain kuti ndiwamve bwino. Theka la ola linayenda bwinobwino. Atafika pa nkhani ya mchemwali wawo amene anasiyana naye ali mwana n'kudzakumananso atakula, anadzuka pang'ono pa mpando, mawu anakwera, anaseka kwinaku misozi ikutsika, ndipo mu mahedifoni ndinangomva kuti krrr pa mawu aliwonse amphamvu. Ndinatsitsa msanga pa kamera, mita ya kamera n'kubwerera pamalo abwino, koma kusasako sikunachoke, kunangokhala kusasa kwapansipansi. Kagetsi kachikasu ka pa transmita kanali kakuyaka nthawi yonseyi kumsana kwawo kumene ine sindinkaona. Mphindi imeneyo inali mtima wa nkhani yonse ndipo munthu sungamuuze kuti lirani kachiwiri, mpaka lero ndikaikumbukira zimandipweteka.

Chimene chimasokonezanso anthu ndi manambala ake. Pa ma transmita a kampani ya Sennheiser a mtundu wa G3 ndi G4 gain amaitchula kuti Sensitivity, ndipo imayambira pa -60 dB kufika pa 0 dB, ikuyenda ma dB atatuatatu, dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu. Chifukwa cha kamzere kali kutsogolo kwa nambalako, 0 ndiye yokweza kwambiri ndipo -60 ndiye yotsitsitsa, choncho -30 ndi yotsika kuposa -12 olo 30 ikuoneka yayikulu. Ndaonapo anthu akufuna kuchepetsa kusasa n'kuchoka pa -21 kupita pa -9 poganiza kuti atsitsa, kumene kuli kuthira mafuta pamoto. Makampani ena amangolemba kuti Gain, ena amaika kagudumu kakang'ono mkati mwa chitseko cha mabatire koti muzipotokola, ena kaswitchi ka magawo awiri kapena atatu, koma ntchito yake ndi imodzimodzi. Chothandiza kukumbukira n'chakuti ma dB 6 aliwonse amawirikiza mphamvu ya mawuwo kawiri, ndiye mukatsitsa masitepe awiri a ma dB atatu mwaidula pakati, si kusintha kwakung'ono ayi.

Kachunidwe kake ndi aka. Kamayiki kayambe kamangidwa pamene kakhale pulogalamu yonse, pachifuwa, pafupifupi masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, chifukwa mukachuna kali m'manja pafupi ndi milomo kenako n'kukamanga pa kolala zonse zasintha. Ndiye munthuyo ayankhule mmene adzayankhulire zenizeni. Apa mpofunika kuumirira pang'ono, anthu poyesa mayiki amanong'ona kuti wani thuu wani thuu mwamanyazi koma pulogalamu ikayamba amasanduka ena, ndiye ine ndimawapempha kuti anene chiganizo chimodzi ngati akuitana munthu ali kumapeto kwa holo, kapena ndimawafunsa funso loti aseke. Inu maso pa mita ya AF. Pa mawu wamba izisewera cha pakati kupita m'mwamba, pa mawu amphamvu kwambiri ifike pafupi ndi pamwamba koma osakhazikika pamenepo. Kagetsi ka peak, kochenjeza kuti mawu agunda denga, kakathwanima kamodzi pa kukuwa kwenikweni si vuto lalikulu, koma kakamayaka pa chiganizo chilichonse tsitsani. Ine ndikapeza pamene pakuoneka pabwino ndimatsitsabe sitepe imodzi ina, chifukwa sindinaonepo munthu amene anayankhula motsitsa pa pulogalamu kuposa mmene anayankhulira poyesa. Pa zipangizo za Sennheiser zija, woyankhula wamba amagwera pakati pa -21 ndi 0, woimba mokweza pakati pa -30 ndi -21, koma amenewo ndi poyambira chabe, khutu ndi mita ndi zimene zigamule.

Transmita ikakhala bwino m'pamene mumapita ku risiva, kenako ku mikisa kapena kamera, motsatana chonchi, osayambira kumapeto.

Pali tinthu tiwiri tating'ono tomwe tili mbali ya mawu yomweyi. Koyamba ndi polowera waya. Ma transmita ambiri amalandira mayiki komanso zinthu zamphamvu ngati gitala kapena mawu ochokera ku mikisa, zimene amati line, ndipo line ndi yamphamvu kutalitali kuposa mayiki, mukailowetsa ngati mayiki imasasa olo gain mutaitsitsa. Pa ena mumasankha mu menyu, pa Sennheiser zimatengera waya, pulagi ya 3.5 mm ija nsonga yake ndi ya mayiki ndipo kamphete kotsatira ndi ka line, nde pamafunika waya wolumikizidwa moyenera. Pulagi imeneyi ili ndi kanati kozungulira, kamangeni mpaka kalimbe, chifukwa ena mwa ma krr krr amene anthu amanamizira mafunde ndi pulagi yogwedera munthu akamayenda. Komanso kamayiki ka kampani ina sikuti kangogwira pa transmita ya kampani ina, Shure imagwiritsa kapulagi ka mapini anayi, ena atatu, ndipo timayiki timeneti timadya kamagetsi kochepa kochokera mu transmita momwemo ndiye kalumikizidwe kakasiyana kamangokhala chete. Kachiwiri ndi low cut, imene imadula mawu a pansi kwambiri, a kunsi kwa 80 kapena 100 Hz, kumene kumakhala kugunda kwa mphepo, kulira kwa mafani ndi kukhuzana kwa nsalu. Pa kuyankhula ine ndimaiyatsa pafupifupi nthawi zonse, koma mukaikweza mopyola munthu wa mawu a besi amamveka wopyapyala.

Tsopano mbali ya mafunde. Ma transmita a mtundu uwu ambiri amayenda pa chigawo cha mafunde chotchedwa UHF, makamaka kuyambira 470 MHz kukwera m'mwamba, malo amene akugawana ndi ma siteshoni a TV, ndiye frikwensi, nambala ya MHz imene transmita ikuponyerapo mawu, imene inali yoyera mu tauni ina itha kukhala yodzaza mu tauni ina. Chinthu choyamba kumvetsa n'chakuti transmita ndi yoyankhula chabe, siimva, siingadziwe kuti pamene ikuponyapo mawu pali kale wina. Imene imamva ndi risiva, n'chifukwa chake scan imachitikira pa risiva. Mumazimitsa transmita imene mukufuna kuipezera malo, apo ayi risiva iona frikwensi yanu yomwe ngati yotanganidwa, mumasiya zoyaka zija mwazichuna kale kuti izizembe, mumapanga scan, risiva n'kukusonyezani malo opanda munthu, kenako m'pamene mumauza transmita kuti isamukire kumeneko.

Kuiuzako kuli pawiri. Njira yachidule ndi sync, imene imadutsa pa kuwala kwa infrared ngati rimoti ya TV. Pa risiva pali kawindo kakuda, pa transmita palinso kena, nthawi zambiri kamabisala mkati mwa chitseko cha mabatire ndiye muyenera kutsekula kaye, mumayang'anitsana mawindo awiriwa pafupi, masentimita ngati 10, n'kudina sync pa risiva, pakangopita kamphindi sikirini imavomera. Ikakana, nthawi zambiri ndi dzuwa lowala kwambiri likuphimba infrared, kapena chala chanu chatseka kawindo, kapena mwatalikitsa, tchingani ndi thupi muyesenso. Njira inayo ndi ya pamanja, kulowa mu menyu n'kusankha gulu la matchanelo ndi tchanelo zofanana ndi za pa risiva, ndipo musaiwale kudina SET pomaliza chifukwa mukatuluka osasunga imabwerera pakale mwakachetechete. Ine olo sync itavomera ndimawerengabe nambala ya MHz pa zonse ziwiri ndi maso anga, chifukwa gulu 1 tchanelo 1 si frikwensi imodzi paliponse ayi. Zipangizo za mtundu umodzi zimapangidwa m'mabandi osiyana, mwachitsanzo pa Sennheiser bandi A ndi 516 mpaka 558 MHz pomwe bandi B ndi 626 mpaka 668 MHz, zimaoneka zofanana ndendende kunja koma transmita ya A siidzayankhulana ndi risiva ya B olo mutadina sync tsiku lonse. Chilembo cha bandi chimalembedwa pa kasitika kumbuyo.

Transmita imodzi itha kumvedwa ndi ma risiva angapo nthawi imodzi popanda vuto, ngati mmene siteshoni imodzi imamvekera pa mawailesi ambiri, koma ma transmita awiri pa frikwensi imodzi sizitheka, amalimbana, risiva imagwira yamphamvuyo kapena imangotulutsa kulira ndi phokoso. Ndipo olo atakhala pa ma frikwensi osiyana pali msampha wina umene anthu ambiri sadziwa. Ma transmita awiri akayandikana mafunde awo amasakanikirana m'kati mwa zipangizo n'kubereka ma frikwensi ena atsopano amene palibe anawayatsa. Ina ikakhala pa 520 MHz ina pa 521 MHz, pamabadwa timafunde tina pa 519 ndi pa 522, ndiye inu mukaika yachitatu pa 522 poganiza kuti mwasiya mpata wofanana bwinobwino mwaiika pa phokoso lenilenilo. Ichi n'chifukwa chake pali magulu aja. Matchanelo a m'gulu limodzi anawerengeredwa kale ku fakitale kuti asapondane chonchi, choncho mukakhala ndi mayiki atatu kapena asanu, onse akhale m'gulu limodzi pa matchanelo osiyana, osati wina gulu 1 wina gulu 4.

Za malamulo ndingonena mwachidule kuti dziko lililonse lili ndi bungwe loyang'anira mafunde ndipo malo ololedwa amasiyana komanso amasintha, makamaka chifukwa makampani a mafoni akhala akutenga mbali za UHF. Ku United States mbali yaikulu ya 600 MHz inagulitsidwa mu 2017 ndipo mayiki opanda waya anayenera kuchokamo pofika July 2020, pomwe m'mayiko ambiri a ku Ulaya 863 mpaka 865 MHz ndi yololedwa popanda laisensi bola mphamvu isapyole 10 mW. Amene mukugula chipangizo chakale chochokera dziko lina yambani mwaona bandi yake, mwina mwini wake akuchitaya chifukwa kwawoko chinaletsedwa.

Kenako pali mute, kaswitchi kaja kali pamwamba. Kamaoneka kosavuta koma pali zinthu ziwiri zosiyana zimene zimatchedwa dzina lomweli. Mute ya AF imatseka mawu okha, mafunde amapitirira kuyenda, risiva imakhalabe yogwirana ndi transmita yake ndipo mukatsekula mawu amabwera pompo. Mute ya RF imazimitsa mafunde enieniwo, transmita ili yoyaka koma siikuponya kanthu, imeneyi ndi yothandiza mukafuna kulowa mu menyu n'kusintha frikwensi pamalo pamene pulogalamu ili kale mkati, kuti musaponde tchanelo cha wina pamene mukudutsa. Pa G3 ndi G4 mukhoza kusankha mu menyu kuti kaswitchi kaja kazichita iti mwa ziwirizi, kapena kasamachite kanthu. Pakati pa pulogalamu munthu akafuna kupuma, mute ya AF ndi yabwino kuposa kuzimitsiratu, chifukwa transmita ikazima frikwensi ija imatsala yopanda mwini ndipo risiva itha kutola chilichonse chodutsa n'kuchiponya ku masipika mwadzidzidzi.

Pofuna kuteteza zimenezi opanga anaikamo pilot tone, kamluzu kapamwamba kwambiri kamene transmita imatumiza limodzi ndi mawu, ndipo risiva siitsekula mawu pokhapokha itakamva. Ndi chinthu chabwino, chisiyeni choyaka mbali zonse ziwiri. Koma chimabweretsa chizungulire china chake, mukaona mita ya RF pa risiva yadzaza bwinobwino, frikwensi ndi yofanana, mute ndi yotsekula koma mawu kulibe, kaoneni ngati pilot tone yazimitsidwa pa transmita pomwe pa risiva ili yoyaka. Anthu amasintha mawaya ndi mabatire ola lathunthu chifukwa cha kamzere kamodzi ka mu menyu kameneka.

Nkhani ya mute ili ndi mbali ina imene si ya zipangizo, ndi ya ulemu. Munthu akavala kamayiki ka pa kolala pakapita mphindi khumi amaiwala kuti kalipo. Mu April 2010 Gordon Brown, ali nduna yaikulu ya Britain pa nthawi ya kampeni ku Rochdale, analowa m'galimoto kamayiki ka atolankhani kadakali pa jekete koyaka, n'kuyankhula mawu onyoza mayi wina amene anali atangocheza naye, mawuwo anamveka dziko lonse mpaka anabwerera kukapepesa. Ameneyo ndi munthu wozolowera ma kamera tsiku ndi tsiku, nanga munthu wamba amene wavala koyamba? Ndiye ine ndikamamangirira munthu ndimamuuza poyera kuti kuyambira pano ndikukumvani paliponse mpaka nditakuvulani, olo mutatuluka panja kapena kupita kuchimbudzi, ndipo akachoka pamalo ndimatsitsa mawu ake n'kuvula mahedifoni. Pa intavyu ya munthu mmodzi ndimamusonyeza kaswitchi ka mute kuti akhale ndi mphamvu pa mawu ake. Pa msonkhano waukulu pamene pali wina wokhala pa mikisa nthawi yonse ndimakaletsa mu menyu, chifukwa woyankhula amatseka ali pa mpando n'kuiwala kutsekula, kenako waima kutsogolo milomo ikuyenda holo yonse ili zii, ndipo wa pa mikisa palibe chimene angachite ali kutali.

Lock ndi yachidule. Mukamaliza kuchuna zonse yatsani, pa zina imatchedwa Auto Lock ndipo imadzitseka yokha pakapita masekondi angapo, kuti munthu akakhala pansi n'kutsamira kabokosi kapena akamakasisita ndi chala mosadziwa asasinthe tchanelo kapena kuzimitsa. Pa sikirini pamaoneka kachizindikiro ka loko kapena kiyi. Ingodziwani nokha kamasulidwe kake pa chipangizo chanucho musanafike pamalo, ndipo dziwani kuti pa zambiri lock siikhudza kaswitchi ka mute, imeneyo ili ndi poletsera pake.

Pa ma transmita ena mumapezanso posankha mphamvu ya mafunde, monga 10 mW, 30 mW kapena 50 mW, ndipo mtima umafuna kuthamangira yayikuluyo. Koma masamu ake sali mmene timaganizira, pamalo poyera popanda zotchinga kuti mtunda uwirikize kawiri mphamvu iyenera kuwirikiza kanayi, ndiye kuchoka pa 30 kupita pa 50 mwangowonjezera pang'ono chabe, pomwe batire likutha msanga, timafunde tosakanikirana tija tikukula, ndipo munthu akayandikira kwambiri risiva imachita kugontha ndi mphamvuyo. M'chipinda kapena mu holo wamba 10 mW imakwana, makamaka mayiki akakhala ambiri, ndipo transmita isamayandikire eriyo ya risiva kuposa mamita atatu. Mtunda weniweni umapezeka pa eriyo. Kawaya kofewa kaja kanadulidwa pa muyeso, kotala ya kutalika kwa funde, pa 600 MHz funde limodzi ndi masentimita 50 ndiye kaeriyo ndi pafupifupi masentimita 12 ndi theka, mukakapinda, kukakulunga ndi waya wa mayiki kapena kukakanikiza m'thumba limodzi ndi foni ndi makiyi mwakasokoneza. Thupi la munthu ndi madzi ambiri ndipo limamwa mafunde, kaeriyo kakagona pa khungu la thukuta mtunda umagwa koopsa. Kakhale koongoka, pakhale nsalu pakati pa iko ndi khungu, ndipo ngati n'kotheka kabokosi kakhale mbali imene ikuyang'ana risiva. Anthu asanalowe valani nokha muyende paliponse pamene woyankhula adzafike, mnzanu akuyang'ana mita ya RF, pokumbukira kuti holo ikadzadza matupi aja adzamwanso gawo lina.

Tizipangizo tating'ono ta masiku ano tija, monga Rode Wireless GO imene inatuluka mu 2019 kapena DJI Mic, timayenda pa 2.4 GHz limodzi ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo nkhani yosankha frikwensi palibe, timadzilumikiza tokha n'kumadumphadumpha tokha kufuna malo oyera. Mabatani ndi ochepa, koma batani limodzi limagwira ntchito ziwiri kapena zitatu kutengera kuti mwadina kamodzi, kawiri kapena mwagwiririra, ndiye n'kosavuta kuika mute kapena kuyatsa chochepetsa phokoso mosadziwa, phunzirani mitundu ya timagetsi take. Pa 2.4 GHz thupi limatchinga kwambiri kuposa pa UHF, munthu akangopereka msana ali patali mawu atha kuduka, mtunda umene amalemba pa bokosi ndi wa pamalo poyera poonana maso ndi maso. Gain pa timeneti nthawi zambiri imasinthidwira pa risiva kapena pa app. Wireless GO II ili ndi safety channel imene imajambula kope lachiwiri lotsika ndi ma dB 20, ndipo zina zotuluka pambuyo pake monga Wireless PRO ndi DJI Mic 2 zimajambula mkati mwa transmita momwemo mu 32-bit float, imene imakulolani kutsitsa mawu okwera mopyola pa kompyuta osasweka. Zimenezi ndi zabwino zedi, ndikanakhala nazo tsiku la mayi aja bwenzi nkhani ili ina, koma dziwani kuti chitetezo cha 32-bit float chili pa fayilo ya mkatiyo, mawu amene akupita ku kamera kapena ku masipika atha kusasabe, komanso muyenera kuonetsetsa kuti kujambula kwa mkatiko mwakuyatsadi.

Mabatire ndasungira kumapeto chifukwa ndi amene amagwetsa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, akafooka mtunda umachepa ndipo mawu amayamba kuchita zachilendo isanazime n'komwe. Ma transmita ambiri a pa lamba amadya ma AA awiri ndipo amakhala maola pafupifupi 8 pa alkaline abwino, koma mabatire opepuka a zinc-carbon aja oyenera wotchi ya pakhoma kapena rimoti musayese n'komwe, sapirira. Timizere ta batire pa sikirini timawerenga voltage, ndipo apa mitundu imasiyana. Alkaline imayamba pa 1.5 V n'kumatsika pang'onopang'ono ndiye timizere timatsika nayo moona mtima. Otchaja a NiMH amakhala cha pa 1.2 V pafupifupi nthawi yonse kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi, choncho atha kuonetsa timizere tiwiri kwa maola ambiri kenako mphindi zochepa zokha n'kuzima. Ma transmita ena ali ndi posankha mtundu wa batire mu menyu, alkaline, NiMH kapena lithium, ndipo mukasankha molakwika mita imakunamizani. Pa G3 timizere titatu ndi batire lodzaza, tiwiri ndi pafupifupi 70 peresenti, kamodzi ndi pafupifupi 30 peresenti, kagetsi kofiira kakayamba kuthwanima ndiye kuti nthawi yatha kale. Ine pa ntchito imene singabwerezedwe ndimaika atsopano kapena ongochoka pa chaja olo akalewo akuonetsa tiwiri, otsalawo ndimayesera nawo mayiki tsiku lina, ndipo sindisakaniza latsopano ndi lakale kapena mitundu iwiri mu transmita imodzi.

Pulogalamu ikatha yambani mwatsitsa mawu pa mikisa, kenako zimitsani transmita, pa zambiri mumagwiririra batani loyatsira masekondi angapo mpaka sikirini ilembe OFF, ndipo ngati ikukana ndiye kuti lock ija idakali yotseka. Masulani kanati ka pulagi musanakoke, ndipo kokani pogwira pulagiyo osati waya, chifukwa kawaya ka kamayiki kamaduka mkati pafupi ndi pulagi pomwepo kunja kukuoneka kabwinobwino. Pukutani thukuta, makamaka polowera pulagi ndi patsinde pa eriyo, musakulunge waya mozungulira kabokosi, ndipo ngati chipangizo chikhala masiku osagwira ntchito chotsanimo mabatire, alkaline akakhalitsa amatuluka timadzi toyera tija timene timadya tizitsulo togwira batire, mpaka tsiku lina mudzaika atsopano transmita osayaka.